Tsiku limene mabatire anatithera pakati pa uthenga

Ku Chiweta, m'mbali mwa msewu waukulu, wailesi inali imodzi yokha m'dera lathu lonse, ya adada anga. Inali ndi jekete lake lachikopa, ndipo mwana kuikhudza kunali kuputa mbama. Mabatire akafooka tinkawayanika pathandala limodzi ndi usipa, moti nyimbo zathu zonse zinkanunkha nsomba.

Ndili Sitandade 3 kunabwera mtsikana wina, Rehema, ndi amayi ake kuchokera ku Tanzania. Bambo ake, a Mwakipesile, anali atatsogola kalekale kukafuna ntchito kumwera, kenako zii. Amayiwo sankamva Chitumbuka kapena Chichewa, khadi la chipani analibe, pamsika ankangowabweza. Adada anawagulira khadi, amama anawapatsa kachipinda kosungiramo maukonde. Masana aliwonse, nthawi ya mauthenga a odwala ndi a maliro, ankakhala pamkeka pakhonde pathu kudikira dzina limodzi.

Makutu awo anali Rehema. Chichewa anachiphunzirira pawailesi pomwepo, n'chifukwa chake ngakhale moni ankatipatsa ngati akuwerenga nkhani. Ankagwira chitsononkho kukamwa n'kumati, "Okondedwa omvera, Tamara wagweranso m'matope." Tamarayo ndine. Ndinkapsa mtima chomene, komabe mwana uja ndinkamukonda.

Tsiku lina wailesi inati, "Uthengawu ukupita kwa abale a bambo Mwakipesile, amene..." Kenako phee. Mabatire atha! Adada anawaluma, anawagogoda ndi mwala, koma ayi ndithu. Azimayi oyandikana nafe anali atamanga kale zitenje m'chiuno kuti auyambe kulira, poti kwathu maliro sitichedwa nawo. Amayi a Rehema anangoyang'ana mwana wawo.

Rehema anawanong'oneza m'Chiswahili, kenako anatembenukira kwa azimayiwo. "Chonde amama, musalire. Sananene kuti amwalira. Tamva dzina basi."

Azimayi aja anakhala pansi, manyazi bwii.

Mauthenga ankawabwereza tsiku lotsatira. Kutacha, asodzi anayamba kufika mmodzimmodzi, aliyense atakhuthula tochi yake. Pathandala panadzaza mabatire, usipa n'kusowa malo. Pofika masana mudzi wonse unali pakhonde. Ine ndinasendera pafupi ndi wailesi ngati bamboyo ndi wanga.

"...amene agonekedwa m'chipatala ku Blantyre, ndipo akufuna mkazi wawo ndi mwana wawo."

Rehema anamasulira zonse mpaka kumapeto, mawu osagwedera, ndipo atatsiriza m'pamene anadzigwetsa pamiyendo ya amayi ake n'kulira. Amayiwo anagwada, akuomba m'manja kuthokoza asodzi m'Chitumbuka: "Yewo, yewo." Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mawu akwathu. Ananyamuka ndi Rehema pa lole ya nsomba, ndipo bamboyo anakawapeza amoyo, ngakhale awiriwo ankagona pansi pa mtengo kunja kwa chipatala mpaka iye atachira.

Masiku ano uthenga umalira m'thumba, mudzi susonkhananso pakhonde la munthu. Rehema anadzakhala mtolankhani wa pawailesi, ndipo atakula anamanga nyumba yogonamo anthu ochokera kutali odikira odwala. Safunsa kuti kwanu n'kuti.

Nditamumva koyamba pawailesi, ndinasiya mbale zili m'madzi. Akuti mabwana ake ankamudzudzula kuti mauthenga sawerenga choncho, koma iye sanasinthe. Uthenga uliwonse wa wodwala ankauyamba ndi mawu akuti, "Ali moyo," kenako n'kutchula dzina.