Supu wa tsiku limene munandibisira

Bambo a Tadala, lero ndadutsa pashopu ya nsomba ija ku Dennistoun, ndipo nditaona nkhono za m'nyanja mtima wayambanso kuwawa. Mukukumbukira Lachinayi lija munabwera nazo kunyumba mvula itakunyowetsani? Munati, "Mayi a Tadala, lero tiphike chauda, supu wa azungu uja." Ine ndinkasenda mbatatesi inu mukukazinga anyezi, kenako munathira kirimu pang'onopang'ono uku mukutakasa. Nditalawa ndinadandaula kuti mchere wachuluka, inu munangoseka n'kunena kuti lilime langa ndi lovuta.

Kalata ya kuchipatala ndinaipeza m'thumba la jekete lanu maliro atatha. Deti lake linali la Lachinayi lomwelo. Munachokera kwa dokotala atakuuzani kuti khansa yafalikira, n'kudzaima nane pachitofu osanena kanthu. Mng'ono wanu ankadziwa, abusa ankadziwa, koma ine mkazi wanu ndinadziwa mutagonekedwa kale m'chipatala. Anthu amati munkanditeteza, komatu simunandifunse ngati ndinkafuna kutetezedwa. Ndimakusowani tsiku lililonse, bambo, koma pa ichi chokha sindinakukhululukirenibe.