Kalaliki ndi lupu imene inaima pa dzina la 14

Kwa zaka zambirimbiri, kalaliki wa pakachipatala ka ana ankaimbira foni amayi mmodzimmodzi, kuwakumbutsa tsiku la katemera, mpaka khutu kutentha. Mwamuna wake atamwalira, kunyumba kunangoti zii, ndiye Loweruka lililonse ankapita kwa mlamu wake kukaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta.

Chimene chinamudolola chinali lupu: umauza kompyuta kuti itenge dzina, itumize uthenga, itenge lotsatira, mpaka mndandanda uthe. Atauza anamwino aakulu kuti tsopano ali ndi lupu, iwo anatong'ola maso.

"Pamsinkhu wanuwu, achemwali? Wakuikani ndani?"

"Ayi, mayi, ya mukompyuta, osati yakulera!"

Lolemba kalaliki anaiyambitsa lupu ija kuti itumize uthenga kwa amayi 120, nathamangira ntchito zina. Lachitatu, tsiku la katemera, pamabenchi panali amayi khumi ndi atatu basi. Naini koloko inakwana, teni inadutsa, pageti osalowa munthu. Anamwino ankangosuzumira pakhomo n'kuyang'ana wotchi.

Kalaliki anadzitsekera mukaofesi kake, n'kuyamba kulondola mizere ya pulogalamu yake ndi chala. Dzina la 14 linalibe nambala ya foni. Pamenepo panafunika liwu loti continue, kutanthauza kuti dumpha uyu, pita kwa wina. Iye anali atalemba break, loti leka zonse. Kompyuta, posadziwa kufunsa, inangoleka.

Anaimbira mlamu wake katatu, osayankha. Anapita kwa anamwino.

"Mayi, cholakwa n'changa. Enawo sanauzidwe."

Anamwino anapumira m'mwamba. "Auzeni abwere Lachisanu. Koma lupu yanuyo ikaimanso?"

Kalaliki anasintha liwu lija, nalembanso uthenga. Chala chinaima pamwamba pa batani. Nanga ikapanda kuima, n'kumangotumizira munthu mmodzi mpaka foni kuphulika? Anadina. Manambala anayenda: 13, 15, 16, mpaka 120, n'kuima pomwepo.

Ataweruka sanalunjike kwawo. Anatenga kaundula, n'kuyenda wapansi kufunsa nyumba ndi nyumba, mpaka anawapeza amayi opanda foni aja akuanula matewera kuseri kwa golosale, n'kuwauza za Lachisanu.

Lachisanu mabenchi anachepa, ana akulira mopokezana. Komabe mpaka lero, kalaliki akayambitsa lupu sadzuka pampando, ngakhale tiyi azizire.