Manja Awiri Akumanzere

Pashopu ya atelala ankangowatchula kuti Mayi Pepani. Akagunda mpando, pepani. Ulusi ukaduka, pepani. Tsiku lina anapepesa mphaka.

Sanabadwe choncho ayi. Ali buthu anali wolongolola, wokwera mitengo kuposa alongo awo. Koma anakwatiwa ndi mwamuna amene lilime lake linkapweteka kuposa chibakera chake. Mchere ukachepa, "Ndiwe mkazi wanji iwe?" Ukachuluka, "Ndinachita kukutola, palibe akanakufuna." Pothawira kwa mng'ono wawo, mabala anapola, koma mawu aja anapita nawo. Ankangobindikira m'chipinda, makatani ali chitsekere, osasamba, chakudya n'kumazizira pakhomo.

Mng'ono wawoyo ndiye anawagwira dzanja n'kupita nawo kushopu kuja. "Achemwali, mukangosoka mabatani basi. Mukatopa mubwereko."

Anayamba mabatani, kenako mipendero. Tsono linafika tsiku loti mwini shopu, mayi wojintcha wa mawu ngati ng'oma, anawapatsa sizasi kuti adule okha bulauzi ya kasitomala. Anayeza kawiri, nadula mosamala. Poyala zidutswa patebulo, anaona chimene analakwitsa. Anali ataiwala kupinda nsalu, ndipo manja onse awiri a bulauziyo anali akumanzere.

Anatola chikwama mwakachetechete. Ankadziwa kumene miyendo inkawatengera, kuchipinda chamdima chija, ndipo ulendo uno sakanatulukamonso.

"Imani pomwepo!" anatero mwini shopu.

Mayi Pepani anazyolika, kudikira mawu ozolowereka aja. Koma mayi uja anakweza manja a bulauzi m'mwamba.

"Atsikana, taonani! Tapeza telala!"

Makina onse anaima, m'manja munawombedwa. Wina anatsitsa katoni pamwamba pa kabati, yodzaza ndi manja opanda anzake: a maluwa, a mizeremizere, ngakhale la jekete.

"Pano wosalakwitsa dzanja sitimupatsa makina akeake," anatero mwini shopu, akufukula m'katonimo. "Langa ndi ili, la diresi laukwati. Mkwatibwi atakhala pabenchi apo, akundimwetulira!"

"Pepa..."

"Mukamaliza mawu amenewo ndikusokani pakamwa, asisi. Ulusi ndili nawo."

Mapewa a Mayi Pepani anayamba kugwedezeka. Anzawo anayesa akulira, koma chinatuluka chinali chikhakhali, chachikulu, chadzimbiri, mpaka wokonza nsapato wa khomo loyandikana anasuzumira kufunsa kuti kwagwanji.

Atapukuta misozi, anaponya dzanja limodzi m'katoni muja, naika chikwama pansi pa tebulo.

"Nsalu yotsala ija ili kuti?" anafunsa. "Ndipatseni sizasi."