Mayi wa Sitima ndi Mayi wa Mtedza

Ndili mu Sitandade 7 ku Ndirande, achimwene anga anali m'kagulu ka anyamata owerenga makomiki, timabuku ta nkhani za zithunzi tija anthu ake amalankhulira m'timitambo. Ankakumana kuseri kwa babashopu ina pafupi ndi msika, ndipo wometayo anawalola kusunga katoni yawo pansi pa benchi. Makomikiwo ankawagula ku Limbe kwa mavenda oyala mabuku akale pansi. Ambiri analibe chikuto.

Ine ndinkawerenga mobera, achimwene akapita kukasamba. Nditamaliza onse amene ankabwera nawo kunyumba, ndinapita ndekha ku babashopu kuja kukapempha kulowa m'gulu.

Mkulu wa gululo anali mnyamata wamtali wa Fomu 2 amene ankavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana achimwene.

"Amwene, mlongo wanuyu watumidwa?"

"Sindinatumidwe," ndinayankha ndekha. "Ndikufuna kubwereka."

Anati wolowa m'gulu amayamba walemba mayeso. Achimwene sanandiuzepo za mayeso amenewa, ndipo nkhope yawo inaonetsa kuti nawonso akuwamva koyamba. Anandifunsa dzina la chigawenga china, ndinatchula. Anandifunsa mtundu wa nsapato za ngwazi ina, ndinanena. Atatha mafunso anapita pambali ndi anzake kukakambirana, ndipo atabwerako anati vuto ndi loti manja a atsikana amakhala onyowa chifukwa chotsuka mbale. Ndinawaonetsa manja anga. Anali ouma mpaka kutuwa. Anati mwina ndi lero lokha.

Pamapeto pake anandibwereka imodzi imene anati ndi yoyenera atsikana poti munali mkazi. Munalidi mkazi. Poyamba anali womangidwa pampando, pakati anali lende pamwamba pa nyumba yosanja, kumapeto anali m'manja mwa mwamuna. Mawu ake m'buku lonselo anali "Ndithandizeni" ndi "Zikomo". Nkhaniyo inkachitika m'dziko lozizira kwambiri, koma zovala zake zinali zoti ku Ndirande sakanafika nazo pa siteji ya minibasi. Nditawadandaulira achimwene, anandifunsa modekha kuti mkazi akayamba kudzipulumutsa yekha, ngwaziyo izigwira ntchito yanji.

Sindinabwererenso ku babashopu.

Panjira yathu yochokera kusukulu pankakhala mayi wina wogulitsa mtedza wokazinga. Kwawo kunali ku Nsanje, ndipo sankaseka ndi ana. Mtedzawo ankaukulunga m'mapepala alionse amene wapeza: nyuzipepala, mayeso akale, nthawi zina timapepala ta mpingo. Tsiku lina nditatha kudya ndinafunyulula pepala langa n'kupeza kuti ndi tsamba la komiki. Panali mayi wa imvi, wamphuno yopindika, atavala jekete yaikulu ndi majombo, akuyendetsa kasitima pakati pa madzi oundana. Kumbuyo kwake amuna awiri ankakoka chingwe, iye akuwakalipira. Ndinatembenuza tsambalo kuti ndione pamene amumangira pampando. Kuseriko mayiyo ndiye anali akumenya munthu ndi sipanala.

M'mawa mwake ndinagulanso mtedza. Ndinapeza tsamba lina la nkhani yomweyo, koma lakutsogolo kwambiri, mayi uja ali ndi bandeji kumutu. Tsiku lotsatira ndinapatsidwa tsamba la zotsatsa malonda a njinga. Ndinaona kuti ndikadalira mwayi ndidzatha mano nkhani ndisanaimve, choncho ndinalimba mtima.

"Amayi, mapepala mukukulungirawa, bwanji mungondipatsa onse?"

"Iwe, ndiye mtedzawu ndiziika m'manja mwa anthu?"

"Ndikubweretserani ena."

Anavundukula basiketi yawo. Pansi panali makomiki okwanira mulu, onse a mayi wa sitima yemweyo. Anati anawapatsa ndi mkamwini wawo amene ankagwira ntchito yomasula mabelo a kaunjika, ndipo anawapeza pansi pa belo ya majekete. Tinagwirizana kuti ndikabweretsa makope anga akale, iwo azindipatsa buku limodzi limodzi, koma ndiziwerengera pomwepo pambali pawo. Kunyumba ayi. Anati ana a masiku ano sabweza zinthu.

Ndinayamba kukhala pa njerwa pafupi ndi lichero lawo ndikaweruka. Makope anga a Sitandade 5 ndi 6 anathera pamenepo, moti kwa nthawi ndithu anthu a ku Ndirande ankadya mtedza akuwerenga masamu anga olakwa.

Patapita masiku ndinazindikira chifukwa chenicheni chimene ankakanizira mabukuwo. Mayiwo ankawaona okha makasitomala akachepa. Chingerezi sankachidziwa, koma nkhani anali nayo kale yawoyawo, yochokera pa zithunzi.

"Wafika pamene wampeza mwamuna wake uja?" anandifunsa tsiku lina.

"Alibe mwamuna, amayi. Akufunafuna mng'ono wake amene anasowa panyanja."

"Bodza. Munthu sungayende mtunda wonsewo pamadzi chifukwa cha mng'ono wako. Mwamuna anathawa ndi injini ya boti, ndiye akuilondola."

Ndinawawerengera mawu a m'timitambo tija, ndikumasulira limodzi limodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wolembayo nkhaniyi sankaidziwa bwino. Iwo anakulira m'mbali mwa Shire, ndipo amayi opalasa bwato okha anawaonapo ndi maso, pamodzi ndi zimene zinkawapalitsa. Kuyambira pamenepo tinkawerenga limodzi. Ine ndinkanena zimene zalembedwa, iwo ankanena zimene zinachitika.

Mbiri inafika ku babashopu kudzera mwa achimwene, amene anandiona tsiku lina nditakhala pa njerwa paja. Loweruka lake kunabwera mkulu wa gulu uja ndi anzake awiri. Anagula mtedza kaye kuti aoneke ngati angodutsa, kenako anapempha kuona mabukuwo. Mayi aja anawauza lamulo lomwe lija, loti awerengere pomwepo. Njerwa inali imodzi ndipo ndinali nditakhalapo ine, choncho anawerenga chiimire, dzuwa likuwawotcha m'khosi. Mkulu uja anachita kuvula magalasi kuti aone bwino. Atamaliza buku loyamba anatenga lachiwiri. Atamaliza lachitatu anapereka chigamulo chake.

"Zojambulazo ndi zabwino. Kungoti akanakhala mwamuna ikanakoma kwambiri."

Lolemba anabweranso, ali yekha.

Buku lomaliza sindinaliwerenge. Mayi aja anapita kumaliro ku Nsanje, n'kusiya mwana wawo wamkazi pa lichero. Mwanayo sankadziwa za pangano lathu. Mapepala atamuthera anapisa m'basiketi, ndipo pofika madzulo mapeto a nkhani yathu anali atabalalika m'matumba mwa anthu. Ndinayenda m'mbali mwa msewu kufikira ku siteji ndikutola timapepala ta mafuta. Ndinapeza theka la tsamba limodzi lokha. Panali thambo ndi mbalame.

Atabwerako ndinawafotokozera, misozi ili m'maso. Anamukalipira mwana wawo m'Chisena kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Usalire, ine ndinaliona kale. Injini anaipeza."

"Nanga mng'ono wake?"

"Analipo, koma sanali wofunika kwenikweni. Mayiyo anabwerera kwawo, anamanga nyumba ya malata, anagula boti lachiwiri."

"Anakwatiwa?"

"Ndi ndani? Amuna onse a m'bukumo unawaona."

Ndinapukuta m'maso, iwo anandipimira mtedza n'kundithira m'manja, ndipo ndinapita kunyumba.