Kuseri kwa Kambale Kaja

Ndinaganiza zochoka ku Chowe chaka chimene anyani anatimalizira chimanga m'munda. Mkazi wanga, Abiti Ajusa, sanandiletse. Anangoti, "Pitani, koma musakatchone." Ndinaseka, n'kunyamuka, mpaka ndinakapezeka pa mgodi wina ku Zimbabwe.

Malipiro oyamba ndinagulira galamafoni ya mabatire ndi timbale tating'ono tija, nyimbo imodzi kutsogolo, ina kuseri. Kambale kena kanali ndi nyimbo ya Chishona yovinitsa ngakhale wodwala msana. Kuseri kwake kunali bambo wina akuimba Chiyao pang'onopang'ono ndi gitala imodzi, akutchula mitsinje ya kwawo ku Mozambiki. Nditaimva kamodzi, chakudya chinandikanika tsiku lonse. Sindinakatembenuzenso. Kusungulumwa ndinali nako kale kokwanira.

Galamafoni ndi timbaleto ndinapatsira mnzanga wopita kumudzi, kuti anthu aone kuti mwamuna akugwira ntchito. Makalata a mkazi wanga ankati nkhondo yakula kutsidya kwa malire, othawa adzaza m'mudzi. Ndinayankha awiri okha. Kenaka ndalama zinayamba kuthera ku mowa, manyazi n'kunditseka pakamwa zaka zisanu.

Mgodi utatsekedwa ndinabwerera ndi sutikesi yopepuka, mtima uli m'mwamba. Ndinkaopa kukapeza nsapato za mwamuna wina pakhomo.

Ndinafika Lachisanu masana, anthu atatuluka mumzikiti. Pabwalo panga panadzaza nkhope zachilendo zokhazokha, onse ali phee. Pamwala anali atayanika mabatire ngati usipa, kuti dzuwa liwabwezere mphamvu. Abiti Ajusa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwafika? Dikirani kaye, tikuyamba."

Anaika singano ya galamafoni ija pambale. Nyimbo ya Chiyao ija! Kambaleko kanali katatheratu, kakungosokosa ngati mvula pamalata, woimbayo osamveka bwino. Koma anthu aja anaitola nyimboyo, amayi ndi nkhalamba zomwe, ndipo aliyense ankakweza mawu ikafika pa mtsinje wa kwawo. Chibadwire ndinali ndisanamvepo kuimba kotero, ndipo ndinalira ndili chiimire, sutikesi ili m'manja.

Itatha ndinanyamula kambaleko. Kuseri kunali kotuwa ngati phulusa, pomwe kutsogolo kunkanyezimira ngati kagulidwa dzulo.

"Mbali yanuyo sitinaikhudze," anatero mkazi wanga. "Awa ndi othawa nkhondo aja. Amabwera Lachisanu lililonse kudzalira kwawo. Ine ndimalira nawo, poti nanenso wanga anali kutali."

Ndinazyolika. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati malo anga akadalipo pakhomo pano.

"Anthu osawadziwa ndawapatsa malo, nanga inu?" anatero, akusendera pamkeka. "Khalani apa. Koma nyimboyi muiphunzire, mbale yatha iyi."