A Livesi ndi Galimoto Yomwa Mowa

Pakampani ina yophika etanolo kuchokera ku nzimbe panali dalaivala amene aliyense ankamutchula kuti a Livesi. Dzinalo analipata ali anyamata, tsiku limene analowetsa thanki yaikulu chafutambuyo pageti lopapatiza lakuseri, madalaivala akuluakulu atakana kuti sizingatheke. Chiyambire tsiku limenelo, galimoto yatsopano ikafika pakampanipo, makiyi ankayamba kugwira ndi iwo. Mabwana ankasintha, malole ankakalamba n'kugulitsidwa, koma chizolowezi chimenecho sichinkasintha. Kuntchito ankafika malaya ali osita bwino, nsapato zikuwala, ndipo m'kachipinda ka madalaivala kapu yoyamba ya tiyi inali yawo.

Akazi awo anali ndi mng'ono wawo amene anakulira m'nyumba momwemo makolo atamwalira. Mtsikanayo sukulu anailekezera panjira, ndiye a Livesi anamuphunzitsa chiwongolero Lamlungu masana pabwalo la mpira, pa kagalimoto kakutha ka mnansi wawo. Ankamukalipira ngati mwana wobereka okha. Atatenga laisensi, anamupemphera ntchito pakampani pomwepo, yoyendetsa kapikiapu konyamula zipangizo zing'onozing'ono m'tauni. Akamuona akudutsa, ankagwedeza mnzawo aliyense amene ali pafupi n'kumuuza kuti, "Mlamu wangayu ndinamuumba ndekha."

Chaka china, a Livesi imvi zitayamba, kunabwera galimoto yoyesera. Inali yoyera, yaing'ono, yosasiyana kwenikweni ndi zina kunja kwake. Inabwera ndi injiniya wamagalasi, amene anasonkhanitsa madalaivala onse pabwalo n'kutsegula boneti.

"Injini imene mukuidziwa mulibe muno," anatero injiniyayo. "M'thanki timathira etanolo wathu yemweyu, wosakaniza ndi madzi. Amalowa m'bokosi ili n'kutenthedwa kwambiri, mpaka amatulutsa mpweya umene umapanga magetsi. Magetsiwo ndi amene amazungulitsa matayala. Palibe zodikira kutchaja tsiku lonse, mumangothira n'kumapita. Zikayenda bwino, mwina m'tsogolo muno galimoto zambiri zizidzayenda chonchi."

Injiniya akulankhula, a Livesi anali atapukuta kale manja pa kansalu kawo. Kapitawo anatulutsa makiyi m'thumba, n'kuyenda molunjika kumene iwo anaima. Anawadutsa, n'kuika makiyiwo m'manja mwa mlamu wawo amene anali kumbuyo, atatsamira khoma.

"Akufuna munthu wa maulendo afupiafupi a m'tauni," kapitawo anawafotokozera pambuyo pake, maso ali kumbali. "Komanso akuti wa phazi lopepuka. Inu mwazolowera zolemera, akulu."

"Palibe vuto," anayankha a Livesi, akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Tsiku limenelo tiyi sanamwe.

Bokosi lopanga magetsi lija linali ndi khalidwe lake. M'mawa linkachedwa kutentha, moti mlamu uja ankafika molawirira n'kukhala m'galimotomo kudikira kuti nyale yobiriwira iyake. A Livesi anapezerapo nkhani. "Taonani, yadzuka ndi matsire," ankatero m'kachipinda muja. "Galimoto yomwa mowa ndi mmene imachitira. Tsiku lina mudzaipeza yagona m'ngalande ikuimba." Anzawo ankaseka mpaka kutsamwa, ndipo dzina loti Chidakwa linamatirira. Koma nyale ija ikayaka, galimotoyo inkatuluka pageti mwakachetechete, kumangomveka matayala pamiyala, ndipo onse oseka aja ankathamangira pawindo kukaiona. A Livesi ankatsala okha pabenchi, akutembenuza kapu m'manja.

Masana ena, anthu atapita kukadya, a Livesi anazemba n'kupita pamene galimotoyo inaimikidwa. Anawerama kumbuyo kwake kuti anunkhize utsi, koma munkangotuluka kanthunzi kofunda, kopanda fungo. Kenako anatchinga m'mbali mwa maso ndi manja n'kusuzumira pagalasi. Munalibe kilatchi, munalibe ndodo ya magiya, koma kagalasi kokhala ngati ka foni. Atadzuka anapeza mlamu wawo ataima kumbuyo kwawo.

"Alamu, lowani ndikuyendetseni pang'ono, tingozungulira bwaloli," anatero mtsikanayo.

"Undiyendetse? Ine?"

"Ndikanakupatsani makiyi, koma anandiletsa kupatsa wina aliyense."

"Ndani wapempha makiyi? Ndimaona ngati tayala ili laphwa." Analimenya ndi nsapato n'kuchokapo.

Alendo anayamba kubwera pakampanipo kudzaona galimotoyo. Ankafunsa mlamu uja mafunso, iye n'kumayankha momasuka, kutchula mawu amene a Livesi anali asanawamvepo. Posakhalitsa chithunzi chake chinapachikidwa pakhoma la ofesi yolandirira alendo, ataima pambali pa Chidakwa, dzanja lili pachitseko. A Livesi anasiya kudzera khomo limenelo. Ankazungulira kuseri, kodutsa ku mapaipi otentha, ngakhale tsiku lamvula.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Mlamu uja anali atapeza kachipinda kake, koma Lamlungu ankabwera kudzadya kwa akulu ake. Akangoyamba nkhani ya galimoto, a Livesi ankakumbukira kuti mpanda ukufunika kukonza.

"Abambo, mwana mwalera nokha mpaka mukumuchitira nsanje?" akazi awo anawafunsa tsiku lina, mng'ono wawo atapita.

"Nsanje ya chiyani? Ine ndikungoti zinthu zimakhala ndi dongosolo lake. Munthu sanagwirepo ngakhale thanki yopanda kanthu, lero chithunzi pakhoma."

"Inu chithunzi mukuchifuna?"

"Sindinanene zimenezo."

"Ndiye idyani, chakudya chikuzizira. Nkhope mwaikwinya ngati mwaluma ndimu."

Mumtima mwawo ankalakalaka galimotoyo itafa. Sankafunira mlamu wawo ngozi, ayi, ankangofuna kuti tsiku lina ingoima pakati pa msewu anthu akuona. Ndipo tsikulo linafikadi. Kunja kukutentha, kapitawo anabwera akuthamanga kudzanena kuti Chidakwa yaima pachitunda cha kutsidya kwa mlatho, ndipo a Livesi atenge lole yakale ndi chitsulo chokokera. Njira yonse a Livesi ankaimba mluzu.

Anapeza anthu atazungulira galimotoyo, ena akuigogoda, ena akujambula ndi mafoni. Mlamu wawo anali atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, maso ali psuu.

"Yakomoka?" anafunsa a Livesi mokweza kuti anthu amve. "Ndinanena ine. Mowa wa masana sukhala bwino."

Anthu anaseka. Mtsikanayo sanaseke. Anadzuka, n'kuyandikira, n'kulankhula motsitsa mawu. "Alamu, sindinalakwitse kanthu. Nyale yofiira inangoyaka, mphamvu n'kuyamba kutha. Azikanena kuti ndaiwononga ndine, kuti akanapatsa munthu wodziwa."

Mawu omalizawo ndi amene a Livesi ankafuna kumva kwa miyezi yonseyo, koma atawamva sanawakomere monga ankaganizira. Anagwada n'kuyamba kumanga chitsulo chija. Atamaliza anaimirira, n'kuyang'ana galimoto yoyerayo, chitseko chake chili chotsegula.

"Pakufunika munthu wogwira chiwongolero kumbuyo kuno," anatero. "Ntchito imeneyi ndi yovuta, imafuna wozolowera. Iwe kwera lole."

"Lole yanu? Simunandilolepo ngakhale kuiliza."

"Lero ndakulola. Giya yachiwiri, osapitirira."

Choncho a Livesi anakhala pampando wa m'Chidakwa muja. Kagalasi kanali kozima, chiwongolero chili gwa, ndipo mawindo sankatsika chifukwa magetsi kunalibe. Thukuta linkayenderera mpaka m'nsapato. Kutsogolo ankangoona matayala a lole ndi utsi wakuda wa dizilo. Koma anakhala mowongoka, manja onse pachiwongolero, ndipo anthu a m'mbali mwa msewu akaloza, iwo ankagwedeza mutu pang'ono ngati bwana. Anasisita mpando, anagwira mabatani onse amene dzanja linkafika. Ankalakalaka njirayo ikanatalika.

Pageti madalaivala onse anali atatuluka. Mmodzi anafuula kuti, "Akulu aikwera, koma aikwera pamaliro ake!" Bwalo lonse linafa nacho chiseko. A Livesi anatsika malaya atamatirira kumsana, n'kunena kuti chiwongolero chake chimakokera kumanzere, kenako anapita kukasamba kumaso.

Injiniya atatsegula bokosi lija anapeza mwaye utatseka tinjira ta mkati. Ananena pamaso pa onse kuti vutolo silinali la dalaivala, ndipo zoterezi ndi zimene ankafuna kudziwa. Anaikonza galimotoyo, ndipo inayendanso miyezi ingapo, mpaka nthawi yoyesera inatha. Tsiku lotsanzika anasonkhanitsanso madalaivala pabwalo pomwe paja.

"Ndikuuzeni zoona," anatero. "M'galimoto yaing'ono zinthuzi sizinapse. Bokosili likadali lolemera, limachedwa kutentha, ndipo kuzimitsazimitsa sikugwirizana nalo. Kumene tikuona kuti zingatheke msanga ndi ku malole a maulendo ataliatali, amene akalira m'mawa amayenda tsiku lonse. Tsopano tikupita kukayesa kumeneko."

A Livesi atamva za malole anatchera khutu. Anakonza kolala, n'kusuntha pang'ono kuti aoneke bwino. Injiniya anapitiriza kunena kuti apempha kampani kuti iwabwereke dalaivala amene akulidziwa kale bokosilo, ndipo akamuphunzitsa okha kuyendetsa zikuluzikulu. Anthu anaombera m'manja mlamu uja. A Livesi nawo anaomba, pang'onopang'ono, akuyang'ana nsonga za nsapato zawo.

Chaka chotsatira anapuma pantchito. Panopa amaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba, ndipo makola awo ndi aukhondo kuposa zipinda za anthu ena. Mlamu wawo ali kutali, akuyendetsa lole yoyesera, ndipo amaimbira foni akulu ake Loweruka. Foni ikangolira, a Livesi amakhala ngati atanganidwa ndi wailesi, koma amaitsitsa mpaka kungotsala kunong'ona. Akazi awo akawapatsira foniyo kuti alonjere, amangoti, "Uli bwanji kumeneko? Uzisamala," n'kuibweza msanga.

Loweruka lapitali, kukambirana kutatha, a Livesi anafunsa ngati munthu wosafuna kudziwa.

"Akuti lole yakeyo yafapo kangati?"

"Akuti sinafepo," anayankha akazi awo. "Sabata yamawa ayamba kukoka ngolo ziwiri."

"Ziwiri," anatero a Livesi. Kenako anadzuka, n'kutenga ndowa ya madeya, n'kutuluka kukadyetsa nkhuku zimene anali atazidyetsa kale.