A Fryson ndi Khoma Limene Tinalambula

A Fryson Kandoje ndinawadziwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinawaona opanda kamera m'khosi. Anali a ku Ntcheu, amtali, owonda, oyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anabwera ku Glasgow kudzaphunzira zoyeza malo. Sukulu inawakanika chaka chachiwiri, ndipo kubwerera kumudzi manyazi anawagwira. Mkazi amene anamusiya ku Balaka anadikira zaka zitatu n'kukwatiwa ndi wina. Basi iwo anakhazikika m'kachipinda kamodzi ku Partick, n'kumatsuka mapoto pahotela ina.

Munthu akagula kamera timadziwa kuti azijambula anthu. Awa ayi. Tsiku lawo lopuma ankakwera mtunda wa ku Hillhead kukajambula nyumba zakale za kuyunivesite, makamaka zija zokutidwa ndi chomera choyanga chimene eni dziko amachitcha aivi. Mvula, mphepo, iwo ali chilili pamsewu, khosi m'mwamba, ana asukulu akuwalambalala. Ndinawafunsapo ine, "A Fryson, ulendo wonsewu mwabwerera kudzajambula tchire?" Anangomwetulira n'kundionetsa tsamba limodzi pakamerapo, ati ndione mmene lagwirira mwala. Za ziii!

Paukwati wa Towera, mwana wa mchemwali wanga, tinawapatsa ntchito yojambula. Zithunzi zitabwera, khoma linadzaza ponseponse, mkwatibwi ali kachinthu koyera pakona. Ndinawalalatira pamaso pa anthu. Koma sitinasiye kuwatuma, poti ankajambula ulere.

Ndinene poyera, mumzinda muno a Fryson analibe munthu wina aliyense koma ife a mumpingo. Tinkapemphera Lamulungu masana muholo yakale ya tchalitchi china cha azungu ku Hillhead komweko, ndipo eni ake anatilola mwaulere. A Fryson ndiwo ankafika koyamba, kuyala mipando, kuwiritsa madzi a tiyi, pomaliza n'kusesa. Khirisimasi ankadyera m'nyumba zathu mosinthana. Akadwala, wopita ndi phala tinali ife. Akanamwalira, oyimba pamaliro awo tikanakhala ife. Chichewa ankachiyankhula kamodzi pasabata, muholo muja.

Holoyo khoma lake lakumaso linali lokutidwa ndi aivi kuyambira pansi mpaka kudenga, mawindo akungosuzumira. A Fryson ankalikonda khoma limenelo koposa ena onse. Ife linkatinyansa. Kwathu nyumba yomera tchire pakhoma ndi ya munthu waulesi kapena ya munthu amene anamwalira, ndipo m'menemo ndi mogona njoka. Tikatumiza zithunzi kumudzi ankatiseka, ati kodi ku Ulaya mukupemphera m'bwinja?

Ndiye Pasaka atayandikira, a Mapopa, mkulu wathu wa mpingo, anaimirira pa zolengeza.

"Abale, azunguwa atisunga zaka zisanu ndi zitatu. Ndi nkhalamba, alibe mphamvu yolambula. Loweruka tibwere tonse tiwayeretsere khomali, tisawauze, adzangoona okha."

Tinawomba m'manja. A Fryson okha anakweza dzanja.

"Pepani akuluakulu, chomerachi si tchire. Anachita kudzala. Tikanayamba tawafunsa mayi Morag."

Mayi Morag anali mzungu wokalamba amene ankasunga makiyi a holoyo. Amene anawayankha a Fryson ndine, ndipo sindikana. Ndinati, "Popereka mphatso amayamba afunsa? Inu mulibe mkazi, mwakwatira khoma, ndiye mukuopa kukhala wamasiye!" Holo yonse inafa ndi phwete. A Mapopa akupukuta misozi anati, "Inu a Fryson mudzabwere ndi kamera basi, mudzatijambule tili pantchito, kumudzi aone kuti sitinaiwale mwambo."

Loweruka tinabwera anthu makumi awiri, ndi masowo, makwerero, matumba akuda a zinyalala. Tsinde la aiviyo linali lalikulu ngati ntchafu ya munthu, ndipo amene analicheka ndine, nditamanga chitenje m'chiuno. Azibambo ankakoka mitsitsi, chinthu chonse n'kumasendeka kukhoma ndi fumbi ndi zisa zakale za mbalame. Tinkayimba nyimbo za chitsitsimutso. A Fryson anajambula monga anawauzira. Sanayimbe nawo, ndipo mandasi amene tinagawana masana anakana.

Lamulungu tinawapeza mayi Morag ataima pamsewu, akuyang'ana khoma lamaliseche, lodzaza zipsera. Ankalira ngati pamaliro. Chomeracho anadzala agogo awo aamuna, chaka chimene mwana wawo sanabwereko kunkhondo. Anatifunsa ngati tinaona amene wachita zimenezi.

Apa ndi pamene tinachimwa zenizeni. A Mapopa anavula chipewa n'kunena kuti nafenso tadabwa, mwina ndi ana a kuyunivesite ataledzera. Ife tonse tinagwedeza mitu, ena mpaka kupukusa milomo kudandaula za ana amasiku ano. Ine ndinawakumbatira mayiwo, matuza a sowo ali m'manja mwangamu. Madzulo ake uthenga unayenda pagulu lathu la pa WhatsApp: aliyense afufute zithunzi, pakamwa patsekedwe.

Patapita masiku anayi, mayi Morag anakawapeza a Fryson. Ankadziwa kuti khomalo analijambula nyengo zonse kwa zaka zambiri, ndiye anapempha zithunzi zoti azikumbukira. A Fryson anatulutsa kakhadi ka mukamera n'kuwapatsa momwemo. Munali khomalo m'chisanu, khomalo padzuwa, khomalo pamvula. Kumapeto kwake munali ine ndi sowo, mano onse pamtunda.

Kalata inabwera sabata yotsatira. Komiti ya tchalitchicho inati za chomera akanamvetsa, koma bodza ayi. Anatipatsa mwezi umodzi kuti tichoke.

Tinawaitanitsa a Fryson pamaso pa mpingo wonse. A Mapopa anawafunsa ngati uthenga wofufuta sanauone.

"Ndinauona."

"Nanga bwanji?"

"Sindinafufutepo chithunzi chiyambire. Ndipo mayiwo anandifunsa ngati ndinalipo. Ndikanati chiyani?"

Mayo ine, mawu amene anatuluka tsiku limenelo! Yudasi. Kapolo wa azungu. Munthu wolephera sukulu, wolephera banja, tsopano wagulitsa mpingo chifukwa cha masamba. Mayi wina anawalanda kapu ya tiyi m'manja. Ine ndinali wolusa kuposa onse, chifukwa nkhope imene inaonekera bwino pazithunzipo inali yanga, ndipo manyazi anga ndinawasandutsa mkwiyo. Ndinawauza kuti akafa, aivi yemweyo adzawayimbire. Titatuluka, a Fryson anatsala n'kupinda mipando ngati masiku onse.

Milungu itatu yotsalayo ankabwerabe. Palibe ankawapatsa moni. Mzere umene akhala, anthu ankasamuka. Ana amene anazolowera kuwathamangira ankakokedwa dzanja ndi amayi awo. Iwo ankaganiza kuti mkwiyo wa abale umatha, ndipo Lamulungu lililonse madzi a tiyi tinkawapeza atawira.

Malo atsopano tinawapeza ku Govanhill, chipinda cha pamwamba pa sitolo. A Mapopa sanalengeze muholo. Anayamba awachotsa a Fryson pagulu la pafoni, kenako n'kulemba adiresi, ndi mawu akuti amene awauze ayankha yekha.

Lamulungu loyamba la kumalo atsopanowo ndinakumana nawo pasiteshoni ya Partick. Anali atavala suti yawo yotuwa, nsapato zopolishidwa, Baibulo kukhwapa. Ndikhulupirira anali ataima pamenepo nthawi yaitali kudikira nkhope ya Mmalawi. Ine ndinali ndi chikwama chachikulu cha makapu ndi mbale za mpingo, duku kumutu, buku la nyimbo lili poonekera.

"Mwaswera bwanji, mayi a Chiko?"

"Ndaswera."

"Foni yanga ikuoneka ngati yavuta, mauthenga sakufika. Kodi lero tikupemphera kuti?"

Ndinayang'ana bolodi la nthawi za sitima. Ndikanatha kungonena dzina la msewu, mawu awiri okha, a Mapopa sakanandidya. Koma mtima wanga unali udakali wowawa, ndipo ndinkafuna amve kupweteka.

"Malo sitinapeze. Aliyense akupemphera kunyumba kwake."

Anayang'ana chikwama chija. Makapu ankachita kugundana m'katimo. Anayang'ananso ine, ndipo ndinaona kuti adziwa.

"Chabwino mayi. Mukapeza mundiuze."

Sitima inafika. Ndikulimbana ndi chikwama, anachinyamula iwo, kuchilowetsa, kuchiika bwinobwino pafupi ndi mpando kuti makapu asasweke. Kenako anatsika n'kuima papulatifomu, zitseko n'kutsekeka.

Papita zaka zitatu. Ndimamva kuti akutsukabe mapoto pahotela yomweyo. Nambala yawo ndili nayo, ndipo Lamulungu lililonse ndimadutsa pa Partick. Ndinangosintha nthawi, ndimakwera sitima yam'mawa kuti tisakumane.